Bokosi limodzi lotsegulira mafomu onse: kupanga menyu yotsika mu Microsoft Access

Database ya Access imayamba ndi mafomu atatu, fomu iliyonse ndi batani lake pa tsamba loyamba, ndipo zimaoneka zaukhondo. Chaka chikamatha mafomu aja afika 15. Tengani bungwe la alimi ku Ulongwe lomwe limagula chimanga, soya ndi nyemba kwa mamembala a ku Dómuè, n'kumawakongozanso fetereza ndi mbewu. Pali fomu ya alimi, ya minda, ya ngongole, ya matumba olowa m'nkhokwe, ya matumba otuluka, ya malipiro a pa M-Pesa ndi e-Mola, kuphatikizanso malipoti opita kwa akuluakulu. Mabatani amapanikizana, ena amakabisala kunsi kwa sikirini ya laputopu, ndipo kalaliki watsopano amakhala akusakasaka pomwe alimi panja afola ndi matumba awo.

Chomwe chimathandiza ndi bokosi limodzi lija mukalidina limatambasula mndandanda, mukasankha dzina fomu n'kutseguka. Access imalitcha Combo Box. Kuliika pa fomu ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pamene pagona nkhani ndi komwe mwasunga mayina a mafomuwo. Ambiri amawalemba mkati mwa code, ndiye fomu yatsopano ikabwera amayenera kuitanitsa yemwe anapanga database uja, mwina ali ku Tete kapena ku Moatize. Ife tiwasunga m'tebulo, kuti kuwonjezera fomu mu menyu kukhale kulemba mzere umodzi basi.

Zonse zili m'munsimu zimagwira kuyambira pa Access 2010 kufika pa Microsoft 365. Ndigwiritsa ntchito mayina a Chingelezi a mabatani. Kuno m'maofesi mumapezeka Office ya Chingelezi, ya Chipwitikizi cha ku Portugal ndi ya Chipwitikizi cha ku Brazil, ndipo ziwiri zomalizazi sizifanana mawu onse: ngati pakona yakumanzere palembedwa Ficheiro ndi ya ku Portugal, ngati ndi Arquivo ndi ya ku Brazil. Malo a zinthu sasintha, ndipo code ya VBA, chilankhulo cholembera malangizo mu Access, imalembedwa m'Chingelezi pa zonse zitatu.

Musanakhudze kanthu

Kopani fayilo yanu ya .accdb muike pa flash. Kenako yang'anani mayina a mafomu anu. Dzina ngati Formulário de Crédito lili ndi mipata komanso zizindikiro pamwamba pa zilembo, ndipo mayina otere amavutitsa fayilo ikapita pa kompyuta yomwe Windows yake inaikidwa pa chilankhulo china. Dzina labwino ndi frmNgongole, frmAlimi, rptMatumba: zilembo wamba, popanda mpata. Koma dziwani kuti mukasintha dzina la fomu, Access siikonza yokha code yakale yomwe imatchula dzinalo. Mutsegule VBA ndi Alt+F11, mufufuze dzina lakale ndi Ctrl+F, mulikonze paliponse pomwe likupezeka.

Gawo 1: tebulo la menyu

Pitani pa Create, dinani Table Design, mupange madanga awa:

MenuID, wa mtundu wa AutoNumber, ndiye primary key
DzinaNy, Short Text (pa Access 2010 mtunduwu umatchedwa Text)
DzinaPt, Short Text
Chotsegula, Short Text
Mtundu, Short Text
Malo, Number
Ikuoneka, Yes/No
GuluID, Number

Lisungeni ndi dzina loti tblMenu.

DzinaNy ndi mawu omwe kalaliki adzawerenge m'Chichewa, monga Ngongole za fetereza. DzinaPt ndi mawu omwewo m'Chipwitikizi. Chotsegula ndi dzina lenileni la fomu monga Access imaidziwira, frmNgongole. Zili ngati chapa: wokwera amayang'ana chikwangwani cha pagalasi cholembedwa Ulongwe, wapolisi amayang'ana nambala ya galimoto. Chikwangwani mukhoza kusintha tsiku lililonse, nambala ayi.

Mu Mtundu lembani F ngati ndi fomu, R ngati ndi lipoti. Kuti wina asadzalembemo zina, pa Validation Rule ya dangali ikani "F" Or "R". Malo ndi nambala yosanjira mndandanda. Musalembe 1, 2, 3. Lembani 10, 20, 30, kuti mawa mukafuna kulowetsa fomu pakati pa yoyamba ndi yachiwiri muipatse 15 popanda kusuntha zinzake. Ndipo musasanje motsatira alifabeti. Nyengo yogula mbewu, fomu ya matumba olowa imatsegulidwa kangapo pa ola, ya mamembala a komiti mwina kamodzi pa mwezi. Yotanganidwa ikhale pamwamba.

Ikuoneka ndi kabokosi kochonga. Fomu yomwe mukuikonzabe, kapena ya nyengo yomwe yadutsa, mumangochotsa chonga, imasowa mu menyu koma mzere wake ulipobe. GuluID musiyeni kaye, tidzamufuna pa Gawo 5.

Pali chifukwa china chosungira mawu m'tebulo. Matebulo a Access amasunga chilembo chilichonse, kuphatikizapo ŵ. Malo olembera code ya VBA ndi achikale, pa makompyuta athu ŵ samulandira, amamusandutsa w kapena chizindikiro cha funso.

Lembanimo mizere itatu kapena inayi yoyesera, mutseke.

Gawo 2: fomu ndi bokosi lake

Pa Create dinani Form Design. Fomu iyi isalumikizidwe ku tebulo lililonse, Record Source yake ikhale yopanda kanthu. Isungeni ngati frmKhomo.

Pa zida za pamwamba sankhani Combo Box, m'Chipwitikizi Caixa de Combinação, mujambule pa fomu. Wizard ikatuluka dinani Cancel. Wizard imathandiza pa ntchito zina, koma apa ingokulowetsani m'mafunso osafunika. Bokosi lili losankhidwa choncho, dinani F4 kuti Property Sheet, kapena kuti Folha de Propriedades, itseguke, ndipo ikani izi:

Name: cboPitani
Control Source: musalembemo kanthu
Row Source Type: Table/Query
Column Count: 4
Column Widths: 0cm;7cm;0cm;0cm
Bound Column: 1
Limit To List: Yes
List Rows: 16

Pa Row Source, yomwe m'Chipwitikizi ndi Origem da Linha, lembani mawu awa a SQL, chilankhulo chofunsira matebulo:

```
SELECT MenuID, DzinaNy, Chotsegula, Mtundu
FROM tblMenu
WHERE Ikuoneka = True
ORDER BY Malo;
```

Control Source ija ndiyofunika kuisamala. Bokosi lokhala ndi Control Source limalemba chomwe mwasankha m'tebulo. Tsiku lina mukakopera bokosili pa fomu ya alimi n'kulilumikiza ku danga linalake mosadziwa, munthu aliyense wosankha kopita adzakhala akusintha mbiri ya mlimi yemwe ali pa sikirini. Bokosi loyendera likhale lomasuka, pa Design View lizioneka lolembedwa Unbound.

Column Widths ndi yomwe imabisa. Danga lomwe mwalipatsa 0cm lilipo koma silioneka, ndiye kalaliki amangoona DzinaNy, pomwe code ikutha kuwerenga zinayi zonse. Ngati kompyuta yanu ikuyeza ndi mainchi, lembanibe cm, Access isintha yokha.

Tembenuzirani ku Form View muone. Mndandanda uyenera kutsika ndi mayina a Chichewa. Ngati mukuona manambala m'malo mwa mayina, Column Count kapena Column Widths sizinakhale bwino.

Gawo 3: code yotsegula

Bwererani ku Design View, sankhani bokosi, pitani pa tsamba la Event mu Property Sheet. Pa mzere wa After Update dinani kabatani ka madontho atatu, musankhe Code Builder. Access ikulemberani mzere woyamba ndi womaliza. Dzazani pakati kuti zioneke chonchi:

```
Private Sub cboPitani_AfterUpdate()
On Error GoTo Vuto
    Dim dzina As String
    Dim mtundu As String

    If IsNull(Me.cboPitani) Then Exit Sub

    dzina = Me.cboPitani.Column(2)
    mtundu = Me.cboPitani.Column(3)
    Me.cboPitani = Null

    If mtundu = "R" Then
        DoCmd.OpenReport dzina, acViewPreview
    Else
        DoCmd.OpenForm dzina
    End If
    Exit Sub

Vuto:
    If Err.Number <> 2501 Then
        MsgBox "Sizinatseguke: " & dzina & vbCrLf & Err.Description
    End If
End Sub
```

Apa pali msampha womwe umagwira pafupifupi aliyense. Pa Bound Column, Access imawerenga madanga kuyambira pa 1. Mu code, Column imawerenga kuyambira pa 0. Ndiye MenuID ndi 0, DzinaNy ndi 1, Chotsegula ndi 2, Mtundu ndi 3. Mukalemba 3 poganiza kuti Chotsegula ndi danga lachitatu, Access idzayesa kutsegula fomu yotchedwa F, n'kukuuzani kuti kulibe.

Onaninso ndondomeko ya mizere. Timayamba tawerenga dzina ndi mtundu, kenako n'kufufuta bokosi ndi Null. Mukafufuta poyamba, palibe chotsala choti muwerenge. Kufufutako ndi kwakuti munthu akatseka fomu n'kubwerera pakhomo apeze bokosi loyera, asaganize kuti chomwe anasankha chija chikadali chotsegula.

Pa lipoti musaiwale acViewPreview. Mukalemba DoCmd.OpenReport ndi dzina lokha, lipotilo limapita molunjika ku printer, ndipo lipoti la mamembala onse likhoza kumaliza mapepala a mwezi wonse musanafike pa batani loimitsa.

Nambala 2501 ndi uthenga woti kutsegula kwaimitsidwa. Umabwera, mwachitsanzo, lipoti likakana kutseguka chifukwa mulibe zoti lionetse ndipo munaliuza kuti zikatero lisatseguke. Si vuto, n'chifukwa chake tikuusiya udutse mwakachetechete. Mukaona uthenga woti dzina la fomu lalembedwa molakwika kapena kulibe, womwe nambala yake ndi 2102, kapena 2103 pa lipoti, pitani ku tblMenu mukafanizire Chotsegula ndi dzina lenileni, chilembo ndi chilembo.

Kanthu kena ka ife a makompyuta a Chipwitikizi. Windows ikaikidwa pa dera la Mozambique kapena Portugal, chizindikiro cha koma (,) chimagwira ntchito ya kulekanitsa manambala, monga 12,50, ndiye mu Property Sheet ndi mu Expression Builder zigawo za function zimalekanitsidwa ndi semicolon (;). Mu VBA ndi mu SQL ndi koma (,) nthawi zonse. Mukakopera chitsanzo pa intaneti n'kukana, yambani mwayang'ana pamenepo.

Pamwamba pa windo la VBA dinani Debug, kenako Compile. Likapanda kudandaula, sungani muyese. Kufika apa menyu ikugwira ntchito, ndipo database yaing'ono ikhoza kuthera pomwepa.

Gawo 4: mafomu azisinthana pa windo limodzi

Vuto la njira ya pamwambayi limaoneka masana. Kalaliki watsegula fomu ya alimi, kenako ya ngongole, kenako ya matumba, osatseka iliyonse. Pofika 12 koloko pamwamba padzaza mafomu, ina ili ndi mzere wolembedwa theka. Access siisunga mzere chifukwa choti mwapita pa fomu ina yapadera. Umakhala choncho ndi kachizindikiro ka pensulo kumanzere, ndipo magetsi akathima pa kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS, zomwe zinalembedwazo zapita.

Ine ndimakonda kuti frmKhomo ikhale chimango, menyu pamwamba, ndipo pansi pake pakhale malo amodzi pomwe mafomu azisinthana. Kuyambira mu 2010 Access ili ndi chida chake chotchedwa Navigation Form chochita zofanana ndi izi pogwiritsa ntchito mabatani, koma mabataniwo mumawaika ndi manja pa fomu, sachokera m'tebulo, ndiye tabwereranso ku vuto lomwe tikulithawa.

Mu Design View ya frmKhomo, kokerani bokosi lija pamwamba. Sankhani chida cha Subform/Subreport, mujambule chachikulu kudzaza malo otsala, Wizard muikanenso. Chipatseni dzina loti subZenera, Source Object ikhale yopanda kanthu. Pa Horizontal Anchor ndi Vertical Anchor sankhani Both kuti chizitambasuka molingana ndi sikirini. Pafupi ndi menyu ikani Label, mulembemo mawu alionse, muitche lblMutu. Tsopano mu code, chotsani mzere wa DoCmd.OpenForm muikepo iwiri iyi:

```
Me.subZenera.SourceObject = dzina
Me.lblMutu.Caption = mutu
```

Pamwamba onjezani Dim mutu As String, ndipo musanafufute bokosi muwerenge mutu kuchokera ku danga la nambala 1, monga tinachitira ndi dzina. Label ija ndiyo izimuuza munthu pomwe ali. Malipoti asiyeni azitseguka paokha monga kale.

Ubwino wake waukulu ndi uwu: munthu akachoka mu subform n'kudina bokosi la pamwamba, Access imayamba yasunga mzere womwe amalemba. Ngati mzerewo uli ndi cholakwika, monga danga lofunika losadzazidwa, imamukaniza kutuluka mpaka akonze kapena adine Esc kuti asiye. Ndiye palibe mzere wotsala m'malere.

Koma njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino muudziwe musanasamutse database yakale. Fomu yomwe ili mkati mwa subZenera, Access siiwerenga ngati fomu yotsegula payokha. Query iliyonse yomwe imati

```
Forms!frmAlimi!MlimiID
```

idzayamba kutulutsa kabokosi kofunsa Enter Parameter Value. Muyenera kuisintha kuti iziti

```
Forms!frmKhomo!subZenera.Form!MlimiID
```

Chachiwiri, mabatani akale otsekera fomu. Ngati code yake ndi DoCmd.Close yokha, batanilo lidzatseka frmKhomo yonse pamodzi ndi menyu. Achotseni, safunikanso. Chachitatu, fomu imodzi yokha ndiyo imakhalapo nthawi imodzi. Ngati pali ntchito yofuna kuona mafomu awiri pamodzi, monga kufanizira risiti ndi ngongole, onjezani mtundu wachitatu mu tblMenu, tinene P, musinthe Validation Rule, ndipo mu code muuze kuti P azitsegulidwa ndi DoCmd.OpenForm monga poyamba.

Ngati database yanu ili ndi ma query ambiri otchula mafomu ndipo simukufuna kuwakhudza, khalani pa njira ya Gawo 3, koma pa fomu iliyonse yolembamo, pa Event ya On Deactivate, ikani If Me.Dirty Then Me.Dirty = False. Mzere umenewu umakakamiza kusunga munthu akamachoka.

Gawo 5: magulu ndi zilankhulo ziwiri

Mndandanda ukapitirira mayina 12 kapena 15, diso limatopa. Agaweni m'magulu: Alimi, Nkhokwe, Ndalama, Malipoti. Pangani tebulo lina, tblGulu, la madanga anayi: GuluID wa AutoNumber, DzinaNy, DzinaPt ndi Malo. Lembanimo maguluwo, kenako mu tblMenu dzazani GuluID wa mzere uliwonse.

Mwina mukudabwa chifukwa chake sitinangolemba dzina la gulu mu tblMenu. Chifukwa ndi Chichewa chathu chomwe. SQL imatsekera mawu pakati pa tizizindikiro tiwiri tofanana ndendende ndi kamene timalemba mu ng'ombe, m'nkhokwe kapena n'kale. Gulu lotchedwa Za m'nkhokwe likalowa mu SQL yomangidwa ndi code, Access imaganiza kuti mawu athera pa m, zotsalazo n'kuziona ngati zopanda tanthauzo. Zitsanzo zambiri za pa intaneti sizichenjeza za izi, poti mayina awo a magulu sakhala ndi kachizindikiroka. Nambala ilibe vuto limeneli.

Pa frmKhomo ikani Combo Box yachiwiri kumanzere kwa yoyamba, dzina cboGulu, Column Count 2, Column Widths 0cm;5cm, Control Source yopanda kanthu. Ikaninso Check Box, dzina chkPt, Default Value 0, mawu ake Português. Row Source ya mabokosi onse awiri tsopano izidzazidwa ndi code. Mu code ya fomuyo onjezani:

```
Private Function Danga() As String
    If Me.chkPt = True Then
        Danga = "DzinaPt"
    Else
        Danga = "DzinaNy"
    End If
End Function

Private Sub DzazaGulu()
    Me.cboGulu.RowSource = "SELECT GuluID, " & Danga() & _
        " FROM tblGulu ORDER BY Malo"
End Sub

Private Sub DzazaMenu()
    Me.cboPitani.RowSource = "SELECT MenuID, " & Danga() & _
        ", Chotsegula, Mtundu FROM tblMenu" & _
        " WHERE Ikuoneka = True AND GuluID = " & Nz(Me.cboGulu, 0) & _
        " ORDER BY Malo"
End Sub

Private Sub Form_Load()
    DzazaGulu
    DzazaMenu
End Sub

Private Sub chkPt_AfterUpdate()
    DzazaGulu
    DzazaMenu
End Sub

Private Sub cboGulu_AfterUpdate()
    DzazaMenu
    Me.cboPitani.SetFocus
    Me.cboPitani.Dropdown
End Sub
```

Mukamaliza, bwererani mu Property Sheet mutsimikize kuti pa On Load ya fomu, ndi pa After Update ya chkPt ndi ya cboGulu, palembedwa Event Procedure. Pakakhala popanda kanthu, code ilipo koma palibe choiyambitsa.

Samalani mipata ya mkati mwa mawu a SQL. Mpata uli patsogolo pa FROM, pa WHERE ndi pa ORDER si wokongoletsa. Mukauchotsa mawu amamatana n'kukhala tblMenuWHERE, ndipo bokosi limatuluka lopanda kanthu. Nz ija imasandutsa bokosi lopanda kanthu kukhala 0, kuti munthu asanasankhe gulu SQL isathyoke. Mizere iwiri yomaliza imatsitsa mndandanda wachiwiri wokha munthu akangosankha gulu. SetFocus iyenera kubwera poyamba, chifukwa Dropdown imakana pa bokosi lomwe cursor sili pamenepo.

Chonga cha chilankhulo chimaoneka chaching'ono koma chimathetsa mkangano. Kalaliki wa pa sikelo amacheza ndi alimi m'Chichewa tsiku lonse, ndipo Matumba olowa amawapeza msanga kuposa Entrada de sacos. Wowerengera ndalama wochokera ku Tete kapena ku Beira akabwera kudzaona mabuku, amachonga Português, menyu yonse n'kutembenuka. Dziwani kuti izi zikusintha menyu yokha. Mawu a mkati mwa mafomu ndi ntchito ina.

Aphunzitseni makalaliki kuyenda ndi kiyibodi. Alt pamodzi ndi muvi wotsika, kapena F4, zimatsitsa mndandanda. Kulemba zilembo zoyamba za dzina kumalumphira pa dzinalo, Enter n'kutsegula. Kuti izi zithandize, mayina asayambe onse ndi mawu amodzi. Fomu ya alimi, Fomu ya minda, Fomu ya ngongole ndi mayina oipa. Alimi, Minda, Ngongole ndi abwino.

Gawo 6: khomo lizitseguka lokha

Pitani pa File, Options, Current Database. Pa Display Form sankhani frmKhomo, ndipo chotsani chonga pa Display Navigation Pane. Tsekani database mutsegulenso. Inu mukafuna kulowa kukakonza zinthu, gwirani Shift pamene fayilo ikutseguka, kapena dinani F11 ili yotsegula.

Zimenezi zikuuzeninso kanthu: kubisa fomu mu menyu si loko. Mukhoza kuwonjezera danga mu tblMenu loti fomu ya malipiro izioneka kwa msungichuma yekha, ndipo zimathandiza kuti anthu asasochere, koma wodziwa Shift ndi F11 adzaipeza. Ngati muli zinthu zachinsinsi ngati manambala a BI (chitupa cha unzika) ndi NUIT (nambala ya msonkho) a mamembala, ikani password pa fayilo yeniyeniyo.

Kenako nkhani ya chilolezo. Foni ikalira, "Achimwene, ndikusankha koma palibe chikutseguka," kawirikawiri code ilibe vuto. Afunseni ngati pamwamba pali kamzere kachikasu. Adine Enable Content, yomwe ndi Ativar Conteúdo pa Office ya ku Portugal ndi Habilitar Conteúdo pa ya ku Brazil. Kuti kamzereka kasamabwerebwere, pitani pa File, Options, Trust Center, Trust Center Settings, Trusted Locations, muonjeze foda yomwe mumasungamo database. Kuyambira mu 2022, Office imatsekeratu code ya mafayilo obwera kudzera pa intaneti, ndipo batani lovomera silionekanso. Zikatero tsekani fayilo, idineni ndi batani lakumanja la mouse, sankhani Properties, muchonge Unblock.

Gawo 7: kuyesa mizere yonse nthawi imodzi

Kufooka kwa menyu ya m'tebulo ndi kumodzi: Compile siiona zolakwika za mu tblMenu. Dzina lolakwika limadziwika tsiku lomwe wina walisankha. Ndiye mu VBA dinani Insert, Module, mulembe kachida aka:

```
Public Sub YesaMenu()
    Dim rs As DAO.Recordset
    Dim dzina As String
    Set rs = CurrentDb.OpenRecordset("tblMenu")
    On Error Resume Next
    Do Until rs.EOF
        Err.Clear
        If rs!Mtundu = "R" Then
            dzina = CurrentProject.AllReports(rs!Chotsegula.Value).Name
        Else
            dzina = CurrentProject.AllForms(rs!Chotsegula.Value).Name
        End If
        If Err.Number <> 0 Then Debug.Print "Palibe: " & rs!Chotsegula
        rs.MoveNext
    Loop
    rs.Close
End Sub
```

Dinani Ctrl+G, pa windo laling'ono lomwe latseguka pansi lembani YesaMenu, kenako Enter. Dzina lililonse lomwe lili m'tebulo koma kulibe fomu kapena lipoti lake lituluka pamenepo. Pakapanda kutuluka kanthu, zonse zili m'malo. Chitani izi nthawi iliyonse mwasintha dzina la fomu, komanso musanapereke fayilo yatsopano ku ofesi ya ku Tsangano kapena ku Furancungo komwe simungafike mawa lomwe.

Ngati makompyuta awiri kapena atatu amagwiritsa ntchito database imodzi, mwina munaigawa kale pawiri, matebulo pa kompyuta imodzi, mafomu pa kompyuta iliyonse. Database Splitter imasamutsa matebulo onse kupita ku fayilo ya matebulo, koma tblMenu ndi tblGulu malo ake si kumeneko. Zimatchula mayina a mafomu, choncho ziyende ndi mafomuwo. Zikakhala pakati, mudzawonjezera mzere wa fomu yatsopano lero, ndipo kompyuta yomwe sinalandire fayilo yatsopano idzaonetsa dzina la fomu yomwe ilibe. Mu fayilo ya mafomu, dinani tebulo lolumikizidwalo ndi batani lakumanja, musankhe Convert to Local Table, muchite chimodzimodzi ndi linzake, kenako mugawire makompyuta onse fayilo yomweyo.